Makatani m'Basi Yopanda Matayala

Amalume anandithamangitsa kunyumba kwawo ku Chawama chaka chomwe fakitale yawo inagulitsidwa. Sindinganame kuti iwo ndi amene anayamba. Ndinayamba ndine, koma fakitaleyo nayonso ili ndi mbali yake pa mlanduwu.

Amalumewo ndi alongo awo a malemu mayi anga. Anagwira ntchito kumafakitale kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo eni atsopano atabwera anawapatsa kalata, nawagwira chanza, nawaonetsa geti. Atafika kunyumba anayamba kuyendera zipinda ngati munthu woyendera munda. Pakhomo la chipinda changa anaimapo nthawi yaitali. Sabata yotsatira munalowa telala wa lendi, ine nkuuzidwa kuti ndakula, ndevu zayamba, ndikadzionere ndekha. Ndikanangonyamula chikwama nkumapita. M'malo mwake ndinawakumbutsa, telala uja akumva, kuti malata a nyumbayo anagula ndi mayi anga. Zinali zoona. Ndinawonjezerapo zina zimene sizinali zoona kwenikweni, kenako ndinamenya chitseko ndi phazi mpaka chinazuka. Amalume sanakweze mawu. Anangoloza msewu.

Mtima wanga ndi wotero kuyambira kale. Sukulu ndinasiyira mu giredi eyiti chifukwa cha nkhani ya desiki lina, koma imeneyo tiyeni tiisiye.

Ndinakapezeka ku komboni ya Kanyama, kuseri kwa galaja ya bambo wina wachibemba wa ku Kitwe. Kumeneko kunali minibasi yakufa, yokhazikidwa pamiyala, yopanda matayala, yopanda injini, yopanda mipando kupatula wautali wakumbuyo uja. Mwini galaja anandilola kugonamo, bola ndiziopseza akuba zitsulo. M'mawindo ndinatsekamo makatoni. Nthawi ya mvula, madzi akasefukira m'komboni mpaka m'mawondo, basi yangayo inali nyumba yokha imene madzi sankalowa kuchokera pansi. Ankalowa kuchokera pamwamba. Denga linali ndi mabowo khumi ndi limodzi, ndipo bowo lililonse linali ndi chitini chake. Masana ndinkakankha wilibala kumsika, kunyamula mabelo a kaunjika, amene kuno timati salaula, ndi matumba a kabichi, ndi kukangana ndi aliyense wondiponda phazi.

Ndinagonamo mvula ziwiri.

Pafupi ndi galajayo pankakhala mayi wina wokazinga vitumbuwa. Anali wapampando wa gulu la amayi kutchalitchi kwathu, choncho aliyense ankangowatchula kuti Atcheya, ngakhale amuna awo. Makolo awo anachokera ku Ntcheu monganso agogo anga, ndipo chifukwa cha chimenecho ankandiona ngati mwana wa pakhomo pawo amene anangolakwika pang'ono pomulera. Ndiwo anandiuza za nyumba, popeza ine kutchalitchi ndinkapezekako pamaliro pokha.

Boma linali litapereka ndalama ku komiti ya mipingo ya m'dera lathu kuti imange tinyumba ta chipinda chimodzi, ta njerwa za simenti ndi malata atsopano, ta anthu osowa kogona. Osati kubwereka ayi. Kupatsidwa, kiyi m'manja. Masiku amenewo anthu ambiri anali atachotsedwa ntchito, nyumba za makampani zikulandidwa, ndipo m'misika munkagona anthu amene kale ankavala tayi. Ine tayi sindinavalepo, koma nditamva mawu akuti kiyi m'manja ndinasiya chitumbuwa chili theka. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ndinali ndisanakhomepo chitseko changa.

Mafomu ankalembera m'holo ya tchalitchi. Nditafika ndinapeza kuti Kanyama yense wasanduka wosowa kogona. Kutsogolo kwanga pamzere kunali bambo wina amene ndinkamudziwa bwino, mwini nyumba zitatu ku Misisi, atabwera wopanda nsapato ndi malaya ong'ambika pamsana. Mapazi ake anali osalala ngati a khanda. Ndinamufunsa mokweza ngati nsapato zake nazonso anaziika pa lendi, ndipo anthu awiri anachita kundigwira.

Kalaliki wolemba anali mtsikana wotopa kale.

"Mukhala kuti?"

"M'basi."

"Yoyenda kuti?"

"Siyenda, alongo. Ikanakhala yoyenda sindikanabwera kuno."

Analemba. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati amene wazinena kambirimbiri kuyambira m'mawa. Chifukwa cha anthu ngati wopanda nsapato uja, a boma azibwera okha kudzaona pogona pa munthu aliyense. Mafunso awo ndi awiri basi. Loyamba: kodi munthuyu ali ndi malo oyenera kugona munthu? Lachiwiri: kodi ali ndi wachibale amene angamusunge? Yankho likakhala inde pa limodzi mwa awiriwa, dzina lifufutidwa. Tsiku langa linali Lachinayi.

Ndinatuluka m'holomo ndikuimba mluzu. Kwa nthawi yoyamba ndinainyadira basi yanga. Ndinaiyang'ana monga mlimi ayang'anira mbuzi yonenepa: dzimbiri, makatoni onyowa, zitini khumi ndi chimodzi, fungo la oyilo ndi mkodzo wa amphaka. Panalibe chowonjezera. Ndinapempheranso kuti Lachitatu kugwe mvula.

Cholakwa changa chinali chimodzi. Ndinawauza Atcheya.

Anasiya kutembenuza vitumbuwa, supuni ili m'mwamba.

"Boma libwera? Pano?"

"Lachinayi."

"Nanga adzakhala pati?"

"Asakhale. Aimirire."

"Adzamwa chiyani?"

"Asamwe, amayi. Akubwera kudzaona kuvutika. Aone, alembe, azipita."

"Mwana iwe, unaleredwa kuti? Anthu achoke kumaofesi kwawo, aponde matope a Kanyama, afike pakhomo la mwana wa mumpingo mwathu, apezepo zitini? Akanene kumeneko kuti kuno kulibe amayi?"

Ndinawafotokozera za mafunso awiri aja. Ndinawafotokozera kawiri, kachiwiriko ndikumenya tebulo lawo mpaka vitumbuwa vinadumpha. Anagwedeza mutu ngati amva.

"Chabwino. Sindikhudza kanthu. Ndingosesako panja pang'ono."

Kwa ife a m'komboni, mlendo sapeza munthu mmene alili. Ngakhale ugone ndi njala sabata yathunthu, mlendo akamabwera umabwereka mpando kwa uyu, kapu kwa uyo, nsalu ya patebulo kwa winayo, ndipo onse obwereketsawo amalumbira kuti sanazionepo zinthuzo. Ine ndinakula ndikuziona zimenezi. Ndinanyamulapo ndekha mipando ya anthu kudutsa nayo kuseri kwa nyumba abusa ali pakhomo. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza kuti mawu akuti kusesako pang'ono akutanthauza.

M'komboni mwathu nyumba zinalibe manambala oti mlendo angatsate, choncho Lachinayi ndinayenera kukadikira a boma kumsewu wa tala kuti ndiwalondolere. Anati naini koloko. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinakangana ndi ogulitsa malalanje, ndinakangana ndi kondakitala wina amene ankafuna kundikweza mokakamiza, ndipo nthawi yonseyo sindinaganizepo n'komwe zimene amayi khumi ndi asanu angachite ndi maola asanu.

Galimoto inafika, koma m'matope sinathe kulowa. Munatuluka mayi wina wa zaka zapakati, atavala majombo pansi pa siketi ya ku ofesi, faelo ili m'khwapa. Kumbuyo kwake kunali mkulu wina wa komiti atamunyamulira ambulera. Tinayenda wapansi, ndipo njira yonse ndinkawakonzekeretsa. Ndinawauza za mabowo. Ndinawauza za khoswe amene anandiluma chala chaphazi. Ndinawauza kuti mpando wakumbuyo uja ndi waufupi, moti zaka ziwiri ndakhala ndikugona miyendo ili yopinda. Madamuwo ankagwedeza mutu, ndipo pena anaima nkulemba. Mumtima ndinali nditayamba kale kusankha mbali imene ndidzaike bedi.

Tisanakhote pakona ya galaja ndinamva fungo la polishi.

Miyala imene basi inakhalapo inali itapakidwa laimu. Kuchokera pakona mpaka pakhomo la basi kunali kanjira kosesedwa, kokhala ndi mabotolo ozikidwa chazondoka mbali zonse ziwiri. Makatoni anga kunalibe. M'mawindo monse munali makatani, oyera a maluwa ofiira, omangidwa pakati ndi timaliboni. Pakhomo panali chopondera. Mbali iyi ndi iyo kunali maluwa m'zitini za mafuta ophikira. Ndipo kutsogolo kwa zonsezi kunaima amayi a gulu, atavala yunifolomu yathunthu, mabulauzi oyera ndi maduku, ngati pa ukwati wa mwana wa abusa. Atationa anayambitsa nyimbo yolandira alendo.

"Ni pano?" anafunsa madamu.

Ndinafuna kukana. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati mwina pali basi ina.

Mkatimo ndiye munali zoopsa. Pansi anali atayala kapeti, ndipo pomwe kapeti sinafike anapakapo polishi yofiira, pachitsulo penipenipo. Panali mipando itatu ya ndalema, uliwonse ndi kansalu koluka pamutu. Panali tebulo, wailesi ikuimba chapansipansi, kalendala ya vesi pakhoma, ndi kabati kakang'ono ka makapu a maluwa. Kumbuyo, pamene pankakhala mpando wanga waufupi, panali bedi. Bedi lenileni, la miyendo inayi, ndi chofunda cha pinki cha mphonje chimene ndinachizindikira: chinali cha mtsikana wina amene anakwatiwa mwezi womwewo. Mpaka lero sindidziwa kuti analilowetsa bwanji. Ndinayang'ana kudenga kuti mwina mabowo andipulumutsa. Onse khumi ndi limodzi anali atamatidwa ndi phula, ndipo mwini galaja anaima panja atavala ovolo yochapa, manja ali kumbuyo, akumwetulira ngati dokotala amene wachiritsa munthu.

Ndipo pampando wapakati, atavala suti yawo ya bulawuni, chipewa chili pabondo, panali amalume.

Atcheya anali atatumiza uthenga ku Chawama. Kwa iwo boma silingalandiridwe ndi mnyamata wosakwatira popanda wamkulu wa banja. Amalume ndinali ndisanaonane nawo zaka ziwiri. Anaimirira, nawerama pang'ono kuopa denga, nanena kwa madamu aja, "Takulandirani pakhomo pathu."

Madamu anakhazikidwa pansi asanatsegule n'komwe faelo. Mayi wina anagwada ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda. Kunabwera tiyi wamkaka, masikono opaka majarini, ndi mazira owiritsa osenda kale. Mkulu wa komiti uja anatsamiritsa ambulera nayamba ndi mazira.

"Madamu," ndinatero, "zinthu zonsezi si zanga."

"Ndi wamanyazi," anatero Atcheya. "Kuyambira ali mwana."

"Bedi ili ni la ndani?" anafunsa madamu.

"Lake," anayankha amayi atatu nthawi imodzi. Mmodzi wa iwo anali mwini bediyo.

"Nanga wailesi?"

"Yake. Amakonda nyuzi."

"Ine wailesi ndilibe," ndinatero. "Ndilibe kapu. Ndilibe supuni. Ndimamwera m'chitini, ndipo chitinicho sindikuchionanso."

"Tamuoneni," anatero Atcheya mwachikondi. "Safuna kudzitama."

Madamu analoza kudenga ndi cholembera, nandifunsa m'chinyanja cha m'tauni. "Mwakamba kuti padontha."

Mwini galaja analowetsa mutu pawindo, pakati pa makatani. "Ba madamu, olo dontho limodzi. Nakonza neka na manja yanga aya. Mvula ibwere lelo, ibwere mailo, uyu mwaiche azagona monga ali mu hotela."

Pamenepo ukali wanga uja unayamba kukwera. Ndinaumeza. Ndinadziuza kuti funso loyamba lapita, koma mwina madamu ali ndi maso, ndipo lachiwiri ndi langa ndithu. Munthu amene anandiloza msewu anali pompo, ndi chala chake chomwecho.

"Imwe ba tate," anatero madamu, "ndimwe ba ndani kuli uyu?"

Amalume anakonza tayi. Anayang'ana amayi a yunifolomu amene anadzaza pakhomo ndi m'mawindo. Kenako anayamba kulankhula ndi mawu awo a pamaliro.

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Kwathu mwana wa mlongo ndi mwana wako weniweni. Bambo anga anayenda wapansi kuchokera ku Nyasalande, ndipo chifikireni m'dziko lino palibe wa banja lathu amene anagonapo panja. Khomo langa ku Chawama ndi lotsegula. Kuno amangopumulirako chifukwa ndi kufupi ndi bizinesi yake."

Amayi anang'ung'udza movomereza. Wina anati ameni. Madamu anayamba kulemba.

Zimene ndinachita kenako ndimazikumbukira zidutswazidutswa. Ndikudziwa kuti ndinayamba ndi makatani. Ndinawazula windo ndi windo nkuwaponya panja, amayi akuwawakha asanagwe m'matope, aliyense akuthamangira ake. Ndinatulutsa mpando umodzi. Ndinakoka chofunda cha pinki, mwini wake nachigwira mbali inayo akunenabe kuti ndi changa. Kenako ndinatola chitsulo chomasulira matayala nkuyamba kubaya denga kuti ndionetse mabowo anga. Phulalo silinasunthe. Bambo uja ntchito ankaidziwa. Ndinabaya mpaka thukuta, ndipo anandilangiza ali pawindo kuti ndikapitiriza ndipinda chitsulo chake.

Nthawi yonseyi madamu anangokweza kapu yawo m'mwamba kuti isatayike. Nditatopa anaiika patebulo.

"Mwasiliza?"

Ndinkapuma ngati galu.

"Nkhalani pansi. Ine ninakulira mu komboni ya Matero. Makatani yobweleka niyaziba. Ba mai banga benze kubweleka na mbale zonse, elo ine ndine nenze kuvibweza. Pa funso yoyamba nalemba kale kuti iyi ni basi, si nyumba. Olo muikemo filiji, ni basi."

Ndinakhala pansi, pakapeti ya eni ake. Wina anazimitsa wailesi.

"Vuto ili pa funso yachiwiri," anapitiriza madamu. Anatembenukira kwa amalume, ndipo anasiya chinyanja cha m'tauni nalankhula pang'onopang'ono, ngati mwana wolankhula ndi kholo. "Bambo, ndikufunsaninso. Ndalama izi boma linapereka kuti zithandize amene alibe kolowera. Ngati mnyamatayu simungamusunge, palibe mlandu. Mungonena, ine ndilemba, dzina lake likhala. Koma mukati khomo lanu ndi lotsegula, musayina apa, ndipo nyumbayo ipita kwa wina."

Ndinakwawa mpaka pafupi ndi bondo la amalume. Sindinawapemphepo kanthu chibadwire, ndipo mawu ake anandivuta kutuluka.

"Malume, nenani zoona. Nenani kuti munandithamangitsa. Nenaninso za chitseko, nenani kuti ndine wamwano, zonse ndivomera. Ndikukupemphani kamodzi kokha kuti mundikane."

Anandiyang'ana. Ndikhulupirira kuti anamva, chifukwa milomo yawo inagwedezeka. Kenako anayang'ana pakhomo. Panali maduku khumi ndi asanu, ndipo pansi pa duku lililonse panali pakamwa pamene pakanafikitsa nkhaniyo ku Chawama iwo asanafike. Munthu amene anataya ntchito, amene anaika telala m'chipinda cha mwana wa mlongo wake, anali atatsala ndi sutiyo ndi dzina lokha. Anatenga cholembera.

"Khomo langa ndi lotsegula," anatero, koma tsopano ndi mawu ang'onoang'ono.

Anasayina bwinobwino, ndi mchira wautali pansi pa dzina, monga ankasayinira kufakitale. Madamu anajambula mzere umodzi pa fomu yanga. Anathokoza chifukwa cha tiyi, navala bwino majombo, napita. Mkulu wa komiti anabwerera kudzatenga ambulera, natenganso dzira limodzi.

Amayi anayamba kupinda makatani mwakachetechete. Anthu anayi anavutika kutulutsa bedi, ndipo pomaliza mwini galaja anachita kumasula chitseko chakumbuyo. Ine ndinakhala pamwala wopakidwa laimu. Ukali unali utandithera, ndipo chimene chinatsala sindinkachidziwa dzina. Atcheya anaima pakati pa bwalo ndi tileyi m'manja, akuyang'ana kumene madamu analowera. Ndinaona pankhope pawo kuti mafunso awiri aja awafika tsopano, mochedwa ndi masiku atatu.

Amalume anapukuta chipewa ndi mkono. "Basi, ine ndiziona msewu, kusanade."

"Dikirani, abambo," anatero Atcheya. "Tikuperekezani."

"Musavutike, amayi. Njira ndikuidziwa."

"Sitikuperekeza inu nokha. Mwanena pamaso pa boma ndi pamaso pa amayi a mpingo kuti khomo ndi lotsegula. Mwasayinanso. Tikufuna tikalione."

"Zija zinali zolankhula pa alendo."

"Ifenso tikubwera ngati alendo." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, tenga wilibala yako. Katundu wako tamuika kuseri kwa chimbudzi."

Ndi mmene tinayendera kuchokera ku Kanyama mpaka ku Chawama masana amenewo. Patsogolo amalume ndi suti yawo. Pambuyo pawo ine ndi wilibala, muli bulangeti, chikwama, mbaula ndi zitini khumi ndi chimodzi, chifukwa amayi sanadziwe kuti zofunika ndi ziti. Pambuyo panga amayi khumi ndi asanu a yunifolomu, awiriawiri, akuimba. Anthu m'njira ankavula zipewa poganiza kuti ndi maliro, ndipo ena ankasuzumira m'wilibala. Kawiri konse amalume anayesa kufulumira kuti aoneke ngati sali nafe. Amayi nawo ankangofulumizitsa nyimbo.

Akazi awo a amalume anatipeza tili kale pabwalo. Anayang'ana ine, nayang'ana wilibala, nayang'ana amuna awo.

"Ndi za masiku angati izi?"

"Afunseni abambo," anatero Atcheya. "Pepala lili kuboma."

"Nanga agona pati? Zipinda zonse muli anthu."

Amayi analowa m'nyumba ngati makhansala, nayendera chipinda ndi chipinda. M'khitchini munkagona ana aakazi. Mwa telala munali telala, mkazi wake ndi makina. Malo okha opanda munthu anali pabalaza, chipinda cha alendo, mmene munali masofa okutidwa ndi pulasitiki amene ngakhale amalume sankakhalapo. Akazi a amalume anati pamenepo ayi, ndi pa alendo. Atcheya anayeza ndi mapazi mpata wa pakati pa sofa ndi khoma, nandiuza kuti ndigone pansi aone. Ndinagona. Miyendo inatambasuka yonse, nkutsalako malo.

"Wakwana," anatero.

Ndinakhala kuseri kwa sofa imeneyo zaka zitatu. Lamulo linali lakuti mlendo akagogoda ndizipinda bulangeti nkutulukira pawindo, ndipo ndinafika pochita zimenezi munthu asanamalize kunena odi. Ndi amalume tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, koma sanalozenso msewu. Akayamba kukweza dzanja ankaliyang'ana, nkukanda nalo mutu.

Tinyumba tija tinamangidwa ndithu, mzere umodzi kumapeto kwa Kanyama, ndipo ambiri amene analowamo anali osowadi. Ndinkadutsapo ndi wilibala. Kachitatu kuchokera kumsewu kanali ndi chitseko chobiriwira, ndipo popanda chifukwa chilichonse ndinasankha kuti kameneko ndiye kakanakhala kanga. Munkakhala nkhalamba ina yosaona bwino. Sindinakangane nayo, ngakhale ndinayesetsa kupeza chifukwa.

Atcheya ndinakhala miyezi iwiri osawalankhula. Tsiku lina ndikudutsa anandiitana, nandipatsa vitumbuwa viwiri m'pepala. Ndinadikira kuti mwina apepesa. Anatembenuza za m'mafuta, napukuta manja pachitenje.

"Unene zonse zimene ufuna," anatero. "Koma mayi uja tiyi anamwa makapu awiri."